Zithunzi zachimbuuzi: tisiyanitse kukonza ndi kupeka

Akonzi,

Ndikupempha mpata m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi Amalawi anzanga, omwe ali kumudzi ndi omwe tili kuno ku Johannesburg, pa nkhani yomwe ikuoneka ngati ya akatswiri okhaokha koma ikukhudza mbiri, ufulu ngakhalenso moyo wa anthu wamba. Ntchito yanga kuno ku Joni ndi yoika ndi kukonza makamera achitetezo m'masitolo ndi m'nyumba za anthu, ndipo chifukwa cha ntchitoyi abale ambiri amanditumizira zithunzi zachimbuuzi kuti ndiziyeretse. Wina amuthyolera shopu ndipo akufuna nkhope ya wakubayo ioneke, wina galimoto yagunda m'bale wake n'kuthawa ndipo akufuna nambala yake iwerengeke, wina ali ndi chithunzi chimodzi chokha cha malemu bambo ake. Masiku ano ambiri sadikiranso yankho la munthu, pakuti pa foni pali mapulogalamu omwe ukaikamo chithunzi chosaoneka, pakamphindi chimatuluka chowala bwino, ndipo chotulukacho n'chomwe chimamwazidwa m'magulu athu a WhatsApp ndi pa Facebook, pansi pake atalemba kuti wakuba uja ndi uyu.

Pali ntchito ziwiri zosiyana kotheratu zomwe anthu akuziyesa imodzi. Yoyamba ndi kusonkhanitsa kuwala komwe kamera inagwiradi koma kunamwazika, yachiwiri ndi kupeka zomwe kamera sinaone n'komwe, ndipo munthu yemwe sakusiyanitsa ziwirizi angathe kuloza chala munthu wosalakwa, mumtima mwake akukhulupirira ndithu kuti wagwira umboni.

Kuti nkhaniyi imveke tiyenera kuyamba ndi kadontho kamodzi ka kuwala, monga nyali ya msodzi yomwe ili kutali kwambiri panyanja usiku, kapena nyenyezi imodzi kumwamba. Kamera ikanakhala yangwiro, kuwala konse kochokera pamenepo kukanagwera pa kadontho kamodzi ka chithunzi, komwe timati pikiselo. Koma kamera yotero kulibe ndipo sidzakhalako. Kuwala kukamadutsa pa kabowo ka lenzi kumapatukira m'mbali pang'ono, ndipo m'chaka cha 1835 katswiri wa zakuthambo wa ku England, George Biddell Airy, anasonyeza mwa masamu kuti ngakhale lenzi yopanda chilema chilichonse imasandutsa kadontho kukhala kabwalo kowala, kozunguliridwa ndi mphete zomwe zimanka zizimiririka. Pamwamba pa malire achilengedwewa pamabweranso zolakwika za tsiku ndi tsiku. Lenzi ikapanda kulunjika pa mtunda woyenera, kadontho kaja kamatupa n'kukhala chibwalo. Chinthu chikamayenda panthawi yojambula, kamatambasuka n'kukhala mzere. Dzanja likanjenjemera, kamakhala kamzere kokhotakhota kotsatira momwe dzanjalo layendera. Maonekedwe a kumwazika kwa kadontho kamodzika ndiwo akatswiri amawatchula kuti point spread function, mwachidule PSF.

Aliyense yemwe ali ndi foni angathe kuiona PSF ndi maso ake. Mujambule magetsi a mumsewu ali patali usiku, dzanja likugwedezeka pang'ono, kenako muchikuze chithunzicho. Mudzaona kuti nyali iliyonse yatambasuka mofanana ndi inzake, kupindika kwake kumodzimodzi, kutalika kwake kumodzimodzi. Pa kufananaku ndi pomwe pagona nkhani yonse, chifukwa zomwe zachitikira nyalizo zachitikiranso kadontho kalikonse ka khoma, ka mtengo ndi ka nkhope ya munthu yemwe waima pamenepo. Chithunzi chachimbuuzi ndi chithunzi chenicheni chomwe kadontho kake kalikonse kamwazidwa mwanjira imodzimodzi n'kusakanikirana ndi timadontho toyandikana nako. Zili ngati kulemba ndi inki pa nsalu yonyowa: zilembo zimayenderera n'kulowana, koma munthu wodziwa bwino momwe dontho limodzi limayenderera pa nsalu imeneyo angathe kuwerengetsera pomwe cholembera chinadutsa.

Kuwerengetsera mobwerera m'mbuyo kumeneku, komwe kumatchedwa deconvolution, ndi ntchito ya masamu yomwe yakhala ikukula kwa zaka zambiri. Njira yodziwika kwambiri inapezedwa ndi anthu awiri omwe ankagwira ntchito payekhapayekha, William Richardson mu 1972 ndi Leon Lucy mu 1974, ndipo kayendedwe kake n'kosavuta kumva. Kompyuta imayamba ndi chithunzi chongoyerekeza, n'kuchimwaza dala pogwiritsa ntchito PSF, kenako imayerekeza zotsatirazo ndi chomwe kamera inajambula. Pomwe kuwala kwachepa imaonjezera, pomwe kwachuluka imachepetsa, ndipo imabwereza zimenezi kambirimbiri mpaka chithunzi chongoyerekeza chija, chikamwazidwa, chifanane ndi chojambulidwa. Zipangizo zomwe njirayi imagwiritsa ntchito ndi ziwiri zokha, chithunzi chomwe tili nacho ndi PSF ya kamerayo. Sitenga diso, mphuno kapena chilembo kuchokera kwina kulikonse.

Njira yoona mtima imeneyi ili ndi malire, ndipo ndikufuna owerenga awamvetse bwino chifukwa ndi omwe ogulitsa mapulogalamu satchula. Choyamba, sensa ya kamera iliyonse imaonjezera timadontho tachisokonezo tomwe sitichokera ku chinthu chojambulidwa, makamaka kukakhala mdima, ndipo masamu omwe amanola m'mphepete mwa chilembo amakuzanso timadontho timeneti. Ukabwereza kuwerengetsera kuja mopyola muyezo, chithunzi chimadzaza ndi mawanga ndi timizere tonga mafunde m'mbali mwa zinthu, zomwe kunalibe pamalopo. Katswiri wa masamu Norbert Wiener, yemwe ntchito yake inasindikizidwa mu 1949, anapereka njira yoyezera nkhaniyi, yoti pomwe chizindikiro chenicheni chili champhamvu kuposa chisokonezo tibwezeretse, koma pomwe chisokonezo chapambana tisiye momwemo osakakamiza. Chachiwiri, pali zinthu zomwe chimbuuzi chimafufutiratu. Munthu atavala malaya a mizere yoyera ndi yakuda n'kuyenda, panthawi yojambula, mtunda wofanana ndi mzere woyera umodzi ndi wakuda umodzi pamodzi, kamera imaona nsalu yotuwa yopanda mzere uliwonse, ndipo palibe masamu omwe angasiyanitse malaya amenewo ndi malaya otuwa enieni. Chachitatu, nthawi zambiri PSF yake sitiidziwa, kotero kompyuta imayenera kuyerekeza zonse ziwiri, chithunzi ndi kamwazikidwe kake, ndipo ikaphonya pa kamwazikidweko imaphonyanso pa chithunzi.

Chitsanzo chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi cha telesikopu ya Hubble, yomwe inatumizidwa mumlengalenga mu Epulo 1990. Zithunzi zoyamba zitafika, akatswiri anapeza kuti nyenyezi iliyonse inali yozunguliridwa ndi chifunga cha kuwala. Kalilole wake wamkulu, wa mamita 2.4 m'mimba mwake, anasulidwa molakwika m'mphepete ndi muyezo wochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 50 a kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu, koma kulakwika kochepako kunachititsa kuti kuwala kwa nyenyezi komwe kunkagwera pakati penipeni kukhale pafupifupi maperesenti 15 okha m'malo mwa 70 omwe ankayembekezera. Akatswiriwa anali ndi mwayi womwe ife oika makamera sitikhala nawo, chifukwa nyenyezi iliyonse m'chithunzi ndi kadontho ka kuwala komwe kamaonetsa PSF poyera, ndipo chilema cha kaliloleyo anachiyeza mosamala kwambiri. Kwa zaka zitatu anagwiritsa ntchito njira ya Richardson ndi Lucy pamodzi ndi zina zotero, ndipo pa zinthu zowala kwambiri zinathandizadi. Koma zinthu zozimiririka zakutali, zomwe telesikopuyo inapangidwira, zinali zitamira m'chifungacho, ndipo mu Disembala 1993 bungwe la za mumlengalenga la ku America la NASA linatumiza anthu mumlengalenga kuti akaike magalasi okonza chilemacho. Ngati akatswiri odziwa PSF yawo bwinobwino, okhala ndi makompyuta ndi ndalama za boma la America, anavomereza kuti masamu okha sangabweze zonse, n'chifukwa chiyani ife tikukhulupirira kuti pulogalamu ya pa foni ingabweze nkhope kuchokera pa kachithunzi ka usiku komwe sikadziwika n'komwe kuti kanajambulidwa ndi kamera yanji?

Kuno ku South Africa luso limeneli likugwira ntchito tsiku lililonse. Telesikopu ya MeerKAT, yomwe ili m'chipululu cha Karoo kufupi ndi tauni ya Carnarvon ndipo inatsegulidwa mu Julayi 2018, ili ndi madishi 64 omwe amamva mafunde a wailesi ochokera kuthambo. Popeza madishiwo ndi otalikirana, chithunzi choyamba chomwe chimatuluka chimakhala chodzaza ndi mizere yosokoneza, ndipo chimayeretsedwa ndi njira zochokera pa ya CLEAN, yomwe Jan Högbom wa ku Sweden anafalitsa mu 1974. Njirayi imapeza malo owala kwambiri, n'kuchotsapo kagawo ka PSF, n'kulemba pomwe yachotsa, kenako n'kupita pa malo otsatira. Chomwe ndimasirira mwa akatswiri a zakuthambowa ndi kusadzikhulupirira mopyola muyezo. Pomwe gulu la Event Horizon Telescope linkakonza chithunzi choyamba cha black hole (malo a kuthambo omwe amakoka zinthu mwamphamvu kwambiri moti ngakhale kuwala sikutulukamo), chomwe chinaonetsedwa pa 10 Epulo 2019, linagawa akatswiri ake m'magulu anayi omwe analetsedwa kuonetsana ntchito, ena akugwiritsa ntchito CLEAN, ena njira zina, ndipo anakhulupirira mphete yowala yomwe ikuoneka m'chithunzicho pokhapokha magulu onse anayi ataipeza payekhapayekha. 

Tsopano tibwere pa makamera omwe ali pa zipata zathu. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Usiku kamera wamba imatsegula diso lake kwa nthawi yotalikirapo kuti kuwala kulowe kokwanira, mwachitsanzo gawo limodzi mwa magawo 25 a sekondi, ndipo m'kanthawi kameneko galimotoyo imakhala itayenda masentimita pafupifupi 67, kuposa kutalika kwa chikwangwani chonse cha nambala, chomwe ndi pafupifupi theka la mita. Kukula kwa chimbuuzi kumadalira mbali yomwe kamera yayang'anira, koma zilembo zomwe mizere yake ndi yopyapyala ngati chala sizichedwa kulowana. N'chifukwa chake makamera opangidwira kuwerenga nambala amatsegula diso kwa kanthawi kochepetsetsa, monga gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, pomwe galimoto yomweyo imayenda masentimita osakwana 2, ndipo amakhala ndi nyali zawozawo za kuwala kwa infrared komwe maso athu saona.

Pa nkhope vuto lalikulu si chimbuuzi chokha ayi, komanso kuchepa kwa mapikiselo. Muyezo wapadziko lonse wa makamera achitetezo, IEC 62676-4, m'kope lake la 2014 unanena kuti pofuna kuzindikira munthu yemwe simumudziwa pafunika mapikiselo 250 pa mita iliyonse ya malo ojambulidwa, kutanthauza mapikiselo pafupifupi 40 m'lifupi mwa nkhope. Kamera ya mapikiselo 1,920 m'lifupi ikayang'ana bwalo lotambalala mamita 20, mita iliyonse imalandira mapikiselo 96 okha, ndipo nkhope ya munthu imakwana m'mapikiselo pafupifupi 15. Eni masitolo ambiri amafuna kamera imodzi, yokwezedwa pamwamba pa khoma, yoona bwalo lonse, ndipo tsiku la tsoka amapeza kuti anajambula chipewa ndi mapewa basi. Zikafika potumizirana, chithunzi chimaonongekanso kawiri kapena katatu. Wina amajambula sikirini ya makina osungira kanema ndi foni yake, zomwe zimaonjezera PSF yachiwiri pamwamba pa yoyamba, kenako WhatsApp imachipanikiza kuti chichepe, n'kutaya tinthu ting'onoting'ono tomwe masamu aja akanagwiritsa ntchito. Chithunzi chikamafika kwa munthu wachisanu, ngakhale katswiri woona mtima alibenso poyambira.

Apa ndi pomwe mapulogalamu a pa foni aja, a nzeru zopangidwa ndi anthu (AI), amalowera. Iwowa anaphunzitsidwa pa zithunzi zambirimbiri za nkhope za anthu ena, ndipo akapatsidwa mapikiselo 15 aja amamanga nkhope yomwe ingagwirizane nawo, maso, mano, tsitsi ndi makwinya zonse zikuchokera pa zomwe anaona kwa anthu enawo. Choopsa chake n'chakuti nkhope yomangidwayo ikachepetsedwanso imafananadi ndi kachithunzi koyamba, kotero woiona amakhutira. Koma nkhope zosiyanasiyana zosawerengeka, zikachepetsedwa, zimapereka kachithunzi komweko, ndipo pulogalamuyo imangosankhapo imodzi. Mu 2020 akatswiri a pa Duke University ku America anatulutsa pulogalamu yotchedwa PULSE, ndipo munthu wina ataipatsa chithunzi chochepetsedwa cha Barack Obama, inatulutsa nkhope ya mzungu, yooneka bwino kwambiri koma ya munthu yemwe sanabadwepo. Eni pulogalamuyo ananena okha kuti siyozindikirira anthu. Mu 2024 woweruza wa ku King County, m'chigawo cha Washington ku America komweko, anakana kulandira ngati umboni kanema wa pa foni yemwe anakonzedwa ndi pulogalamu ya AI pa mlandu wakupha, pa chifukwa chakuti njirayo sinali yovomerezeka pakati pa akatswiri ofufuza makanema ndipo ikanasokoneza oweruza pa zomwe zinachitikadi.

Bwalo la milandu lili ndi nthawi yofunsa mafunso otere, koma gulu la WhatsApp lilibe. Tonse tikudziwa kuti kuno ndi kumudzi komwe anthu amatha kulanga okha munthu woganiziridwa, apolisi asanafike, ndipo ife obwera timakhala oyamba kukayikiridwa pakachitika choipa. Nkhope yopekedwa ndi makina ndi nkhope yapakatikati, yofanana pang'ono ndi anthu ambiri, kotero m'dera lililonse mudzapezeka mnyamata yemwe anthu adzati ndi yemweyu. Amene wamwaza chithunzicho amakhala atachita zimenezo mwa chifundo, pofuna kuthandiza woberedwa, koma chifundocho sichingateteze mnyamatayo.

Pa zithunzi za makolo nkhawa yanga ndi yamtundu wina. Mabanja ambiri ali ndi chithunzi chimodzi cha agogo omwe anabwera kuno pa Wenela kapena pa Theba kudzagwira ntchito m'migodi, chojambulidwa m'situdiyo, chomwe tsopano chinazimiririka. Sindikuletsa munthu kuchikongoletsa n'kuchipachika pakhoma, pakuti ndikumvetsa njala yofuna kuona nkhope ya kholo lako bwinobwino. Koma zidzukulu zomwe sizinawaone agogowo zidzakula zikudziwa nkhope yomwe si yawo, makamaka chithunzi chenichenicho chikatayidwa poganiza kuti chatsopanocho ndi chabwino kuposa chakale. Chithunzi chakalecho chisungidwe, chijambulidwe pa sikana chili chigonere, ndipo kumbuyo kwa chokongoletsedwacho kulembedwe kuti chinakonzedwa ndi makina. Ngati pali achikulire omwe anawadziwa malemuwo, aonetsedwe zonse ziwiri asanatisiye.

Kwa abale omwe ali ndi mashopu ndi omwe amayang'anira nyumba za mabwana awo, pempho langa ndi lakuti kamera imodzi ikhale pa msinkhu wa nkhope, yoyang'ana khomo lokha, pamalo pomwe pali kuwala kochokera kutsogolo kwa munthu osati kumbuyo kwake, ndipo galasi lake lizipukutidwa, chifukwa fumbi ndi ukonde wa kangaude nazonso zimamwaza kuwala. Choipa chikachitika, kanema akopedwe kuchokera m'makina momwemo n'kuikidwa pa fulashi tsiku lomwelo, asanafufutike ndi watsopano, ndipo potumiza pa WhatsApp atumizidwe ngati dokyumenti kuti asapanikizidwe. Masekondi angapo a kanema ndi amtengo wapatali kuposa chithunzi chimodzi, popeza chimbuuzi chimasiyana pa chithunzi chilichonse, ndipo chomwe chafufutika pa china chingathe kupezeka pa chinzake. Kamerayo isachotsedwenso kapena kutembenuzidwa, chifukwa katswiri angathe kubwera n'kuyatsa kanyali kakang'ono pamalo pomwe munthuyo anaima, n'kuyeza PSF ya kamera imeneyo pa mtunda womwewo.

Masamu a nkhaniyi si achilendo kwa ophunzira a sayansi a ku UNIMA, MUBAS, MUST kapena Mzuni, ndipo sasowa zipangizo zodula. Pulogalamu yaulere ya ImageJ, yomwe inayambira ku National Institutes of Health ku America, imalola wophunzira kumwaza chithunzi dala n'kuyesa kuchibweza, n'kuona yekha pomwe masamu amalekezera. Luso lomweli likufunika m'malabu a zipatala, komwe akatswiri a maikulosikopu amayeza PSF pojambula timikanda towala tating'onoting'ono. Ndikanakonda kuti apolisi ndi mabwalo athu a milandu akhale ndi anthu ophunzira zimenezi, oti chithunzi chikabwera monga umboni azitha kufunsa kuti choyambirira chili kuti, chinakonzedwa ndi njira yanji, ndipo kodi katswiri wina atatsatira njira yomweyo angapeze zofanana.

Kwa inu Akonzi, pempho langa ndi lachindunji. Wina akakubweretserani chithunzi cha woganiziridwa kapena cha munthu wosowa kuti muchifalitse, muzimufunsa ngati chinadutsa m'pulogalamu yoyeretsera, ndipo ngati chinatero muziitanitsa choyambiriracho. Musindikize choyambiriracho ngakhale chikhale chachimbuuzi, chifukwa zovala, msinkhu ndi kaimidwe ka munthu zomwe zikuoneka mmenemo ndi zenizeni, ndipo wachibale kapena mnansi angathe kumuzindikira nazo. Ngati pali chifukwa chosindikizira chokonzedwacho, chiikidwe pambali pa choyambirira, ndipo mawu a pansi pake anene momveka m'Chichewa kuti nkhopeyo yamangidwa ndi kompyuta ndipo singagwiritsidwe ntchito poloza munthu.

Ine wowerenga wanu,
Mmisiri wa makamera achitetezo,
Johannesburg